Impso ndi mphika wa ndiwo

Aliyense amene anayendapo mu msika wa ku Ulongwe, wa ku Moatize kapena wa mu mzinda wa Tete amalidziwa fungo la nsomba za Chicoa. Zimachokera ku nyanja ya Cahora Bassa zitang'ambidwa pakati, zitathiridwa mchere wambiri ndi kuyanikidwa padzuwa, ndipo chifukwa cha mcherewo zimatha miyezi osaola. Nsomba zimenezi zalera mabanja ambiri m'chigawo chino, ndipo palibe amene angazinyoze. Koma chimene chimachitika nsombayo ikafika pakhomo n'chofunika kuchiyang'anitsitsa.

Mayi amaitsuka kamodzi n'kuiponya mumphika. Ikawira amanyenyeramo kachidutswa ka kaldo. Kenaka amatapa mchere ndi zala, monga anaphunzirira kwa amayi ake, n'kuthira. Nsima ikafika pamphasa, bambo asanalawe n'komwe amayamba aitanitsa mchere wapadera. Ndiwo za tsiku limodzi zathiridwa mchere kanayi, ndipo pabanjapo palibe amene akuona chachilendo. Lilime lakondwa, mimba yakhuta, ana agona. Ntchito yotsala imagwera ziwalo ziwiri zimene anthu saziganizira kawirikawiri, zomwe ndi impso.

Wopha mbuzi aliyense anazionapo impso. Ndi tinyama tiwiri tooneka ngati nyemba, tobisala m'mafuta pafupi ndi msana. Kwa munthu zimakhala m'munsi mwa nthiti chakumbuyo, ina kumanja ina kumanzere, ndipo iliyonse kukula kwake n'kofanana ndi nkhonya ya mwini wake. Ntchito yake yaikulu ndi kusefa magazi. Mu impso iliyonse muli tosefera ting'onoting'ono pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo pa tsiku limodzi impso ziwirizo zimasefa madzi a m'magazi okwana malita 180. Amenewa ndi zigubu 9 za malita 20, zoti mayi wotunga pa mjigo angafike nazo madzulo msana utathyoka. Pafupifupi madzi onsewo amabwezedwa m'thupi. Otayika ngati mkodzo ndi lita imodzi ndi theka chabe, ndipo ndi amene amanyamula zinyalala za m'magazi pamodzi ndi mchere wopitirira muyeso. Impso zimathandizanso kuti magazi aziyenda pa liwiro loyenera, komanso ndizo zimauza mafupa kuti apange magazi atsopano. N'chifukwa chake wodwala impso nthawi yaitali amayezuka m'maso ndi m'zikhatho.

Vuto la impso ndi loti sizidandaula msanga. Dzino likawawa munthu sagona, diso likafiira aliyense amafunsa, koma impso zikhoza kuonongeka kupitirira theka mwini wake akulima, akukwera njinga, akuseka ndi anzake pa bwalo. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Pamene miyendo yayamba kutupa, nkhope ikudzuka yofufuma m'mawa, mkodzo ukuchita thovu ngati wathiridwa sopo, chakudya sichikukomanso ndipo thupi likungoyabwa, ndiye kuti matenda apita kale patali, ndipo tosefera tikafa sitimeranso.

Adani aakulu a impso ndi awiri: kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri kuno amangoti tensão, ndi matenda a shuga. Onse awiri amaononga timitsempha ta mu impso pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Kale anthu ankati awa ndi matenda a mabwana a ku Maputo, a mimba zazikulu ndi magalimoto. Sizili choncho. Kafukufuku amene anachitika m'dziko lonse la Mozambique mu 2005 anapeza kuti pakati pa anthu a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi tensão yokwera. Atabwereza mu 2014 ndi 2015 anapeza kuti chiwerengero chakwera kufika pafupifupi anayi mwa khumi alionse. Chomvetsa chisoni n'choti mwa odwalawo, amene ankadziwa kuti akudwala anali pafupifupi 15 okha mwa 100. Otsalawo ankayenda nayo osadziwa, ndipo ambiri a iwo ndi alimi a m'midzi, anthu oonda, olima kuyambira mbandakucha.

Impso zikalephereratu, chotsala ndi makina otsuka magazi, amene ku chipatala amati hemodiálise. Wodwala amayenera kulumikizidwa ku makinawo katatu pa sabata, maola anayi ulendo uliwonse, kwa moyo wake wonse. Makina otere amapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga Hospital Central de Maputo, ndipo kuchoka ku Tete kukafika ku Maputo pa msewu ndi mtunda wopitirira makilomita 1,500. Mlimi wa ku Tsangano kapena ku Chifunde sangasiye munda ndi ana n'kukakhala pafupi ndi makina. Kwa munthu wotere chitetezo chenicheni chili mumphika umene umatereka pa mafuwa tsiku ndi tsiku, ndipo chinthu choyamba kuchiyang'ana mumphikamo ndi mchere.

Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku. Amenewa ndi kasupuni kamodzi ka tiyi, kosadzaza mpaka kuchita phiri. Ndipo kasupuni kameneka ndi ka tsiku lonse, kuphatikiza mchere wa m'phala la m'mawa, wa m'ndiwo za masana ndi zamadzulo, ndi wina wobisika umene sunatapidwe ndi zala za mayi. Wobisikawo ndi wambiri kuposa m'mene anthu amaganizira. Kachidutswa ka kaldo pafupifupi theka lake ndi mchere. Buledi ali ndi mchere ngakhale lilime silimumva. Kapenta wambiri wa ku Cahora Bassa amaviikidwa m'madzi a mchere asanayanikidwe. Nsomba za m'zitini, masoseji, tchipisi ta pa msewu, mtedza wokazinga wa m'timapepala ndi zokhwasula zimene ana amagula pa geti la sukulu, zonse zimabwera ndi mchere wake. Soda wophikira therere ndi nkhwani nayenso ndi mbale wake wa mchere, ndipo m'thupi amachita zofanana.

Mchere ukachuluka m'magazi umakoka madzi. Madzi akachuluka m'mitsempha, magazi amakankha mwamphamvu monga amachitira mtsinje wodzala pa magombe ake, ndipo tosefera ta mu impso timalandira nkhonya imeneyi usana ndi usiku. Tikayamba kufooka, impso zimalephera kutaya mchere, tensão imakweranso, ndiye zinthu ziwirizi zimangokankhana mpaka munthu atagwa.

Tsono mayi achite chiyani ndi nsomba ya Chicoa, poti ndiyo ndiwo zimene thumba likukwanitsa? Asaitaye ayi. Aiviike m'madzi ambiri kuyambira usiku kapena m'mawa kwambiri, asinthe madziwo kawiri kapena katatu, ndipo madzi oviikirawo atayidwe, asalowe mumphika. Pophika asathiremo mchere wina kapena kaldo, pakuti umene watsalira m'nsombamo ukwanira mphika wonse. Kapenta nayenso atsukidwe bwino ndi madzi ofunda asanakazingidwe. Pa ndiwo zina lamulo likhale loti mchere ulowe kamodzi: ngati mwalowa kaldo, zala zisatapenso, ngati zala zatapa, kaldo akhale. Ndi bwinonso kutapa ndi supuni m'malo mwa zala, chifukwa zala za munthu wotopa siziyeza. Ndipo kambale ka mchere kachoke pamphasa.

Apa ndi pamene pamabuka mlandu. Bambo amalawa, n'kukwinya nkhope, n'kufunsa kuti, "Kodi amayi, mchere watha m'nyumba muno?" Mayi ambiri amaopa mawu amenewa kuposa matenda, chifukwa ndiwo zosakolera zimatengedwa ngati ulesi kapena mwano, ndipo nkhani yake ikhoza kufika mpaka kwa ankhoswe. N'chifukwa chake kuchepetsa mchere sikungatheke ngati ndi nzeru ya mayi yekha. Pafunika banja likhale pansi, bambo amve kuti tensão imene ikupewedwayo ndi yake yomwe. Chothandiza n'choti lilime limaphunzira. Mchere ukamachepetsedwa pang'onopang'ono, pakatha milungu ingapo munthu amazolowera, ndipo akakadya kwa anansi amayamba kudabwa kuti ndiwo zawo zawawa bwanji. Kukoma kungachokerenso kwina. Matimati akupsa bwino, anyezi, adyo, tsabola, nsinjiro ndi madzi a mandimu zimadzutsa ndiwo popanda kulemetsa impso, ndipo zonsezi zimamera m'madimba a ku Angonia konkuno.

Mchere wochepawo ukhale wa ayodini, uja wa m'mapaketi olembedwa kuti sal iodado. Madera a kumapiri, kutali ndi nyanja ya mchere, ndi kumene chithokomiro chinkavuta kwambiri, ndipo ayodini ndiye amachiletsa. Kuchepetsa mchere sikutanthauza kubwerera ku mchere wosadziwika kochokera.

Makolo sankautenga mchere ngati chinthu wamba. Panali malamulo onena za amene ayenera kuthira mchere m'ndiwo ndi amene sayenera pa masiku ena, ndipo wolakwira malamulowo ankati wadula anzake. Mpaka lero munthu akatupa miyendo, manja ndi masaya, m'midzi yambiri mawu oyamba kumveka ndi mdulo kapena tsempho, ndipo akuluakulu amayamba kufufuza amene walakwa. Mlandu wa mwambo uli ndi eni ake. Koma kutupa kumeneku ndi chizindikironso cha impso zimene zalephera kutaya madzi, kapena mtima umene wafooka, ndipo kwa mwana kungakhale kuperewera kwa zakudya m'thupi. Masiku amene amathera pa kufunsana ndi kulozana zala ndi masiku amene wodwala akanakhala atapimidwa mkodzo. Akuluakulu akhoza kukambirana zawo wodwala ali kale pa njinga kupita ku chipatala. Chimodzimodzi mayi woyembekezera akatupa nkhope ndi manja, mutu ukumuwawa, asadikire mawa, chifukwa tensão ya pa mimba imaononga impso msanga ndipo imapha.

Chachiwiri ndi madzi. Amene anakhalapo mu mzinda wa Tete mwezi wa Okutobala kapena Novembala amadziwa kuti kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo ngakhale mthunzi suthandiza. Wogwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, msodzi wa pa nyanja, wootcha makala, woumba njerwa ndi wopalasa njinga ya katundu amataya madzi ambiri m'thukuta. Ambiri amapirira ludzu tsiku lonse, ena mpaka kudzitama kuti mwamuna samwa madzi pafupipafupi. Impso zikasowa madzi zimagwira ntchito ndi mkodzo wokhuthala, ndipo m'menemo ndi m'mene mumayambira timiyala ta mu impso, timene ululu wake anthu amene anaumvapo sauiwala. Muyeso wosavuta ndi mtundu wa mkodzo. Ukakhala woyererapo, madzi akukwana. Ukakhala wachikasu kwambiri ngati tiyi wopanda mkaka ndiponso wochepa, thupi likupempha madzi. Wopita ku munda anyamule chigubu monga amanyamulira khasu, ndipo azimwa pang'onopang'ono asanamve ludzu lalikulu. Kufinyiramo ndimu kumathandiza, chifukwa madzi a mandimu amaletsa mitundu ina ya timiyala kuumbika.

Madziwo akhale aukhondo, owiritsa kapena othira mankhwala. Kutsekula m'mimba ndi kolera zimatha kuumitsa thupi m'maola ochepa mpaka impso kuima, makamaka kwa ana ndi okalamba. Wotsekula m'mimba apatsidwe madzi a paketi ya mchere ndi shuga ya ku chipatala nthawi yomweyo. Uwu ndi mchere umene uli mankhwala, ndipo lamulo la kasupuni kamodzi silikhudza pamenepa. Munthu wotere akatha tsiku osakodza, imeneyo ndi ngozi yofunika kuthamangira nayo. Malungo aakulu nawonso amatha kuimitsa impso, ndipo mkodzo wakuda pa nthawi ya malungo si woyang'anira kunyumba.

Zakumwa za m'mabotolo sizilowa m'malo mwa madzi. Botolo limodzi laling'ono la chakumwa chotsekemera lili ndi shuga wokwana masupuni a tiyi 8 kapena kuposa, ndipo palibe mayi amene angathire shuga wotere m'kapu imodzi ya tiyi mwana wake akuona. Komabe m'matauni muli anthu amene amamwa mabotolo awiri kapena atatu pa tsiku poti ndi chizindikiro choti zinthu zikuyenda. Shuga wochuluka amanenepetsa, kunenepa kumaitana matenda a shuga ndi tensão, ndipo ziwirizi zimathera ku impso. Thobwa lophikidwa ndi chimera chokwanira limatsekemera lokha. Amene amaonjezeramo shuga wa m'paketi amangoliononga. Madzi a malambe nawo ndi abwino ngati shuga wake ndi wongolawitsa.

Za nsima ndi ndiwo nkhani yake ndi yaifupi, chifukwa zakudya zimene zimasunga impso ndi zomwe agogo ankadya. Mgaiwa umaposa ufa woyera poti gaga wake amachedwetsa shuga kulowa m'magazi, ndipo mapira ndi mawere nazonso ndi zotero. Wodwala shuga achepetse mitanda ya nsima n'kuchulukitsa ndiwo zamasamba. Bonongwe, nkhwani, chisoso, luni, kholowa, chigwada, mpiru ndi kabichi, kaya zaziwisi kaya mfutso wa m'chilimwe, zili ndi mchere wina wa m'zomera wotchedwa potaziyamu, umene kwa munthu wa impso zabwino umathandiza kutsitsa tensão. Nyemba za ku Angonia, khobwe, nandolo ndi nzama zimamanga thupi popanda kutopetsa impso monga imachitira nyama yambiri. Zipatso za nyengo yake, mango, mapapaya, magwafa, masau a ku chigwa ndi mapichesi a kumapiri, zidyedwe ngati chakudya, osati kusiyira ana okha ngati kuti munthu wamkulu akadya gwafa wachepa.

Nyama si mdani. Kumudzi imadyedwa mwa apo ndi apo, ndipo pamenepo palibe choopa. Amene ayenera kudziyang'ana ndi bambo wa m'tauni amene madzulo alionse amakhala pa kanyenya wa mbuzi, akusunsa nthuli iliyonse pa mulu wa mchere ndi tsabola, botolo la mowa lili pambali. Mbuzi ya ku Tete ndi yotchuka mpaka ku Maputo ndipo kutchukako n'koyenera, koma ya tsiku ndi tsiku pamodzi ndi mchere wosunsa ndi katundu wolemera pa impso. Mafuta ophikira nawonso achepe; ndiwo zosambira m'mafuta si ulemu kwa mlendo.

Pali zinthu zina zolowa pakamwa zimene si chakudya koma zimathera ku impso komweko. M'misika ndi m'mabasi mwadzaza anthu ogulitsa mabotolo a zitsamba ndi ufa wosiyanasiyana, amene amati amatsuka impso, amachotsa mchenga m'chikhodzodzo ndi kubwezera mphamvu za abambo. Impso sizifuna kutsukidwa. Ndizo zimatsuka thupi. Palibe amene amadziwa chimene chili m'mabotolomo kapena muyeso wake, ndipo madokotala a m'maiko ambiri a mu Africa akhala akulandira anthu amene impso zawo zinaima atamwa mankhwala otere. Chimodzimodzi mapiritsi opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, amene amagulitsidwa pa tebulo limodzi ndi machesi ndi sopo. Mlimi wa msana wowawa amamwa awiri m'mawa, awiri madzulo, mwezi ndi mwezi, kawirikawiri ali ndi ludzu pa dzuwa. Mapiritsi amenewa amachepetsa magazi opita ku impso, ndipo kwa wokalamba, wa tensão kapena wa shuga ndi oopsa kwambiri. Ululu wosatha ndi wopita nawo ku chipatala, osati wokhalira kuugulira mapiritsi pa msika.

Kachasu ndi mowa wambiri zimakweza tensão ndi kuumitsa thupi, ndipo fodya amaononga mitsempha yonse, ya mu impso yomwe. Anthu a m'chigawo chino sanaiwale zimene zinachitika ku Chitima mu Januwale 2015, pamene anthu 75 anamwalira ndipo oposa 200 anadwala atamwa mowa wa masese pa maliro. Poyamba kunamveka mphekesera za ndulu ya ng'ona, koma ofufuza anapeza kuti poizoni anachokera ku kachilombo kamene kanamera mu ufa wa chimanga woonongeka umene anafululira mowawo. Poizoni wa mtundu umenewo amaononga chiwindi, impso ndi ubongo, ndipo kuwiritsa sikumupha. Ufa umene wanyowa, wachita nkhungu kapena wasintha fungo ndi wotaya, ngakhale nkhokwe ili pafupi kutha. Usasandutsidwe mowa kapena thobwa poganiza kuti moto ukonza.

Zonse zanenedwazi ndi za munthu amene impso zake zikadali bwino, kapena amene ali ndi tensão kapena shuga koma impso sizinafooke. Kwa amene adokotala amuuza kale kuti impso zake zaonongeka kwambiri, malamulo ena amatembenuka, ndipo apa ndi pamene achibale okonda wodwala amalakwitsa chifukwa cha chikondi chomwe. Impso zofooka zimalephera kutaya potaziyamu uja. Akaunjikana m'magazi amasokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo mtima ukhoza kuima mwadzidzidzi. Nthochi, mapeyala, matimati ambiri, mbatata, mbatatesi, nyemba ndi malambe, zimene kwa munthu wina ndi zabwino, kwa wodwala ameneyu zimafunika muyeso wochokera ku chipatala. Wobwera kudzazonda matenda atanyamula phava la nthochi ayambe wafunsa ngati wodwalayo akuloledwa.

Choopsa koposa ndi chidulo. Madzi a phulusa amene amayi amasefa kuti afewetsere therere ndi masamba ali ndi potaziyamu wochuluka zedi, ndipo wodwala impso asalawe n'komwe ndiwo zophikira chidulo. Mchere wina wa m'masitolo umene amati ndi wa anthu a tensão nawonso ndi wa potaziyamu, ndipo kwa wodwala impso ndi woletsedwa pokhapokha adokotala atavomera. Mbatatesi, imene ku Angonia ndi ku Tsangano ili pakhomo lililonse, ikhoza kuchepetsedwa mphamvu: isendedwe, iduliridwe tizidutswa ting'onoting'ono, iwiritsidwe m'madzi ambiri, ndipo madziwo atayidwe. Masamba nawonso awiritsidwe ndi kukhetsedwa asanathiridwe zokometsera. Ngakhale madzi akumwa, amene aliyense akulimbikitsidwa kumwa ambiri, kwa wotupa thupi amene akukodza pang'ono adokotala amatha kumuikira malire, ndipo achibale asamuumirize kumwa poti "madzi amatsuka". Nyama ndi nsomba nazonso zimayezedwa, koma osati kumanidwa kotheratu, chifukwa wodwala wosadya amafooka msanga. Muyeso wake umasiyana munthu ndi munthu malinga ndi zimene magazi ake aonetsa, choncho zimene anauzidwa wodwala wa m'mudzi wina si zotengera.

Ana nawo ali ndi mdani wawo. M'madera a m'mbali mwa Zambezi, nyanja ya Cahora Bassa, nyanja ya Niassa ndi m'madambo, mnyamata akayamba kukodza magazi ena amangoseka kuti wakula. Amenewo ndi likodzo. Likakhalitsa limaononga chikhodzodzo ndi kutseka njira zimene mkodzo umatsikira, ndiye mkodzo umabwerera n'kutupitsa impso. Palibe chakudya chimene chimachiza likodzo. Mankhwala ake ndi mapiritsi a praziquantel, amene amaperekedwa ku chipatala ndiponso nthawi zina m'masukulu, ndipo mwana amwe atadya kaye.

Nkhani za mkodzo anthu amachita nazo manyazi, makamaka abambo akuluakulu pamaso pa namwino wamng'ono ngati mwana wawo. Koma mbewa ya manyazi inafera ku dzenje. Kupimitsa tensão sikupweteka ndipo sikutha mphindi zisanu. Nambala zikamafika 140 pamwamba kapena 90 pansi pa maulendo angapo, munthuyo afunika chithandizo, ndipo akapatsidwa mapiritsi azimwa tsiku lililonse ngakhale akumva bwino. Ambiri amasiya mutu ukangoleka kuwawa, ena amasinthanitsa mapiritsi ndi adyo kapena mandimu atamva kwa anzawo. Kuchepetsa mchere kumathandiza mapiritsi kugwira bwino ntchito, koma sikulowa m'malo mwake.

Amene ali ndi tensão, amene ali ndi shuga, amene kwawo kunadwalapo munthu matenda a impso, ndi amene akumwa mankhwala otalikitsa moyo a HIV, apemphe kuti impso zawo ziziyezedwa kamodzi pa chaka. Omwa mankhwala a HIV asawasiye poopa impso. Kuyezako n'kumene kumathandiza adokotala kudziwa ngati pafunika kusintha mtundu. Zoyeza zake ndi ziwiri. Choyamba ndi mkodzo, kuona ngati ukutuluka ndi zomanga thupi zimene impso zabwino sizitaya. Chachiwiri ndi magazi, kuona chinthu chotchedwa creatinina, chimene chimakwera impso zikamafooka. Chipatala chaching'ono chikakhala kuti chilibe zipangizo, chimalemba kalata yopita nayo ku chipatala cha boma kapena cha chigawo. Popita kumeneko wodwala anyamule khadi lake ndi mapaketi a mankhwala onse amene akumwa, a ku chipatala, a pa msika ndi botolo la zitsamba lomwe, ndipo ngati n'kotheka apite ndi amene amamuphikira, kuti malangizo a za mchere ndi chidulo akamve yekha ndi makutu ake.